Mwezi Womwe Mzere Unapindika

Hewe,
9 Malichi 2009

Wokondedwa Akuzike, mwana wa mlongo wanga,

Ndiyambe ndi kuvomera kuti chilandirireni kalata yako Lachinayi, tulo tandithawa. Si udzudzu ayi, neti tili nayo. Ndi funso lako lija.

Koma taona, ndayamba ndi dandaulo moni ndisanapereke. Monire, mwana wanga. Kuno tili bwino mwa chisomo cha Ambuye. Fodya tayamba kuthyola, chimanga chabereka mosadandaulitsa. Anti ako a Nyaharawa akupereka moni, akuti nyemba zomwe unaiwala pakhonde mu Disembala tinadya, usazifunsenso. Ndikulemba m'Chichewa changa cha kusekondale popeza Chitumbuka chako chimayambira pa "yewo" n'kuthera pomwepo. Mlandu si wako, ndi wa mayi ako amene anakakwatiwa kummwera.

Utabwera pa tchuthi cha Khirisimasi n'kukhala masiku asanu ndi anayi ukukopera mabuku anga a sikelo ya ana, kuyambira a 2000 mpaka a 2008, ndinanyada chomene. Zaka zonsezi ndakhala ndikukoleka makanda pa sikelo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala chathu, n'kumalemba manambala omwe ndinkati adzawerengedwa ndi chiswe chokha. Ndiye kumva kuti mwana wa mlongo wanga adzatengerapo digiri yachiwiri! Ndinalengeza ngakhale kumpingo. Kumeneko kunali kudzikuza, ndapempha kale chikhululukiro.

Tsono kumapeto kwa kalata yako, utatha kufunsa za nkhuku ndi za mvula, walemba kuti: "A Sibweni, kodi mu Juni 2004 kunachitika chiyani kumeneko?"

Bwanji Juni? Bwanji osati Meyi, kapena Julayi amene alibe mlandu ndi munthu? Wakuuza ndani? Nanga pepa lakoli likadzatha adzawerenga ndani? A ku ofesi ya zaumoyo ku Boma adzaliona?

Ngati ndi za tsamba lothimbirira lija, ndivomere, ndi tiyi, si mvula monga ndinakuuzira. Mu Ogasiti 2002 ndinalemba ndi pensulo mwezi wonse chifukwa bolopeni ndinabwereketsa kukwaya. Tsiku lina mu 2005 ndinatseka sikelo msanga kuthamangira maliro, amayi atatu anabwerera osayezetsa. Zimenezi ndikuzidziwa ndipo zimandipweteka.

Za Juni 2004, unali mwezi wozizira monga Juni aliyense. Anthu anakolola. Zambiri sindikukumbukira.

Chiganizo chomalizachi ndachiyang'ana nthawi yaitali, koma ndachisiya momwemo.

Usaimbe foni. Netiweki kuno imagwira pachulu cha pafupi ndi golosale ya Overton basi, ndipo woima pachulupo amakhala akulankhula ndi mudzi wonse. Undilembere, undiuze bwinobwino chomwe ukufuna ndi mwezi umenewu.

Ndine sibweni wako mwa Ambuye,
Manasseh Luhanga

Zomba,
21 Malichi 2009

A Sibweni okondedwa,

Yewo chomene chifukwa cha kalata. Mwaona? Mawu awiri a Chitumbuka, osati amodzi. Ine ndili bwino, amayi nawonso ali bwino, akuti mlandu wokwatiwa kummwera akuuvomera ndipo sakulapa. Za nyemba ndakhululuka.

Koma mwandidetsa nkhawa. Munthu wosowa tulo chifukwa cha funso la mzere umodzi ndiye kuti magazi akuthamanga. Mumayeza ana a eni tsiku ndi tsiku, inu munayezetsa liti? Chonde pitani kwa a Sisitala a pachipatala chanucho akuoneni, ndipo muchepetse mchere.

Palibe wandiuza kanthu. Mwezi umenewo anditchulira ndi manambala anu omwe. Ndifotokoze.

Mwezi uliwonse ndatenga ana omwe akwanitsa chaka chimodzi, ndapeza kulemera kwawo kwa pakatikati, n'kuika kadontho papepala. Zaka zisanu ndi zinayi, timadontho 108. Kukwera ndi kutsika kwa chaka ndi chaka, kwa nthawi ya njala ndi ya masika, ndakuchotsamo. Kenako ndinafuna kujambula mzere umodzi wowongoka wodutsa pakati pa timadonthoto. Unakana. Ukakondweretsa ta kumayambiriro, ta kumapeto tikutsala kumwamba. Ukatsatira ta kumapeto, ta kumayambiriro tikudandaula.

Ndiye pali njira ina, pa Chingerezi amati segmented regression. Ine ndimangoti mzere wokhala ndi bondo. Mumaulola mzerewo kuti upindike pamalo amodzi, ndipo kompyuta imayesa mwezi ndi mwezi kufuna pomwe bondolo likukhala bwino koposa. Yayesa miyezi yonse, yakaima pa Juni 2004. Kumbuyo kwa mwezi umenewo mzere wagona ngati mphasa, zaka zinayi ndi theka ana akulemera chimodzimodzi. Kutsogolo kwake ukukwera ngati msewu wopita ku Nyika.

Si ine ndekha wosaka bondo kuno. Mnzanga wogona naye chipinda, wa zaulimi, akuligwiritsa ntchito pa feteleza. Ukamawonjezera feteleza chimanga chimawonjezeka, mpaka pena pake pomwe thumba lina lililonse ndi kungonenepetsa udzu, ndiye iye akufuna kuwauza alimi pomwe angalekere. Wina akuyang'ana madzi a mtsinje, kuti anayamba liti kuchepa chidulireni mitengo kumtunda. Winanso akuwerenga ngozi za pamsewu lamulo latsopano lisanabwere ndi litabwera. Pachakudya timakangana ngati ana, aliyense kutamanda bondo lake.

Vuto n'lakuti kompyuta imangoloza kuti "apa". Sinena chifukwa. Chifukwacho amachidziwa ndi anthu omwe analipo, n'chifukwa chake ndinafunsa inu. Kodi ndi mjigo watsopano? Maneti? Katemera wina? Kapena kunabwera bungwe?

Nkhaniyi ndi yabwino, a Sibweni! Ana a ku Hewe akunenepa. Aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga akuti ndikapeza chomwe chinachitika, pepali lidzapita ku ofesi ya zaumoyo ku Rumphi, ngakhale ku Lilongwe, kuti madera ena atengerepo phunziro. Dzina lanu lidzakhala patsamba loyamba, m'zilembo zazikulu.

Ndiyenera kupereka pepali pa 15 Juni. Popanda yankho lanu ndili ndi mzere wopanda nkhani. Kumbukirani bwino, mundiyankhe.

Mwana wanu,
Akuzike

Hewe,
14 Epulo 2009

Akuzike mwana wanga,

Ndine anti ako. Uli bwanji? Ukudya? Unali wowonda mu Disembala. Ukhululuke zolemba zanga, manjawa anazolowera kusoka fodya. Asibweni ako sakudziwa kuti ndalemba, ndipo usawauze.

Kodi unawalembera chiyani munthuyu? Masabata atatu tsopano kalata yako ikuyenda m'thumba la jekete. Akudya ngati mwanapiye. Kwa a Sisitala anapita monga unanenera, magazi ali bwinobwino. Lamulungu lapitali anapatsidwa pemphero lalifupi lodalitsa chopereka, iwo anayamba kupempherera "anthu onse obisa zinthu mumtima" mpaka abusa anatsokomola kawiri. Theka la mpingo linatuluka likuyang'anizana, aliyense kuganiza kuti akunena iye.

Ndiye pochapa jekete ndinaipeza kalatayo, ndinawerenga. Za bondo sindinamve zonse. Za feteleza ndamva, ndipo ndi zomwe ndakhala ndikuwauza bambowa zaka khumi, kuti thumba lachitatu pa munda wa kudambo uja ndi kutaya. Umuuze mnzakoyo kuti akanangobwera kudzandifunsa, sukulu akanamaliza kale.

Tsono za Juni 2004 ukufunsa amuna? Amuna amakumbukira mitengo ya fodya basi. Mjigo unabwera 2006. Maneti anafika 2007. Bungwe linabwera kamodzi, linajambula zithunzi n'kupita.

Ine chomwe ndikukumbukira chaka chimenecho ndi soya wa a Greyson Chavula, aja a ndevu okhala kutsidya kwa mlatho. Anamva pa wailesi kuti soya ndi chuma, analima ekala yathunthu, mavenda osabwera. Ndiye pa Sabata la masika, lomwe aliyense amabweretsa zokolola kutchalitchi, anabwera ndi thumba lathunthu panjinga, kupereka kwa Mulungu zomwe mavenda anakana. Chimanga, nyemba, nkhuku, zonse anthu anagula. Soya anatsala pakona, ngakhale makoswe ankamulambalala.

Ife amayi a Umanyano, gulu lathu la kumpingo, tinati chakudya chisawole m'nyumba ya Mulungu. Tinamukazinga, tinasakaniza ndi chimanga ndi mtedza, tinakagayitsa, n'kuyamba kuphika phala tsiku la sikelo, pansi pa mango omwewo. Theka la thumba tinasunga mbewu. Mayi aliyense wa khanda ankatenga mbale imodzi, pangano lake n'lakuti akakolola apereke mbale ziwiri kwa amayi ena awiri. Tinayamba tili asanu ndi awiri. Pano sindingawerenge. Chaka chatha ena anachokera ku Mwazisi panjinga kudzapempha.

Koma zimenezi ndi za kukhitchini, kaya zimalowa mu kompyuta. Ine ndalembera za asibweni ako. Ngati pali chomwe analakwa, uwauze msanga alape tiyambenso kudya bwino m'nyumba muno. Ndatopa kubweza ndiwo.

Anti ako,
Dinah Nyaharawa

Hewe,
16 Epulo 2009

Akuzike mwana wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Tili moyo. Ndachedwa kuyankha, ndipo sindinamizira positi. Kalatayi ndailemba kanayi, zitatu ndasonkhezera moto.

Unati dzina langa lidzakhala m'zilembo zazikulu. Mawu amenewo ndiwo andimaliza. Khala pansi uwerenge.

Ndinakunamiza kuti sindikukumbukira. Ndikukumbukira ngakhale malaya omwe ndinavala. Linali Sabata la masika, pa 13 Juni 2004. Monga mkulu wa mpingo, ntchito yoyeza zopereka inali yanga. Sikelo ya mpingo anaibwereka munthu wina nthawi ya fodya osabweza. Ndiye m'mawa ndinadzera kuchipatala, ndinatenga sikelo ya ana, ndinaikulunga m'chitenje. Mumtima ndinati iyi ndi ntchito ya Mulungu, Boma silingakwiye. Palibe amene ndinamupempha.

Poyamba zonse zinayenda bwino, mabeseni a nyemba, timatumba ta mtedza. Kenako anafika a Greyson Chavula ndi thumba la soya lalikulu ngati mwana wa ng'ombe.

"A Luhanga, kolekani lonse, mpingo umve nambala."

Ndinati, "A Chavula, sikeloyi ndi ya makanda, imathera pa 25. Tiyeze pang'onopang'ono ndi beseni."

Iwo anatembenukira kwa anthu. "Mwamva? Akuti chopereka changa achidule nthulinthuli ngati nyama ya pamaliro!"

Anthu anaseka, ine manyazi anandigwira. Amuna atatu ananyamula thumba lija n'kulikoleka. Muvi unazungulira ngati wapenga, unadutsa 25, m'kati munamveka kuti thwa. Titalitsitsa, muvi sunabwerere pa ziro. Unaima timizere titatu kutsogolo, ndiwo magalamu 300. Ndinapotokola kachitsulo kobwezera muvi mpaka kumapeto, ndinaigwedeza, ndinaipempherera. Inakana.

Lachinayi lotsatira ndinati palibe vuto, ndizichotsera 300 mwakachetechete polemba. Woyamba pamzere anali Isabella Nyagondwe. Iwe sukuwadziwa amayi a kuno. Amawerenga muvi kuposa ine, ndipo mwana akakwera amakauza apongozi tsiku lomwelo.

"Muvi wati 8.4, inu mwalemba 8.1. A Luhanga, mnofu wa mwana wanga mwapita nawo kuti?"

Amayi onse anayandikira, ena ana ali kumsana. Kuti ndifotokoze ndinayenera kunena za thumba, za chitenje, za sikelo ya Boma kutchalitchi. Ndinafufuta, ndinalemba 8.4. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulemba chomwe muvi wanena, pafupifupi zaka zisanu. Oyendera ochokera ku Boma anandiyamikira kawiri kuti ana a m'dera langa akuoneka bwino. Ndinati yewo.

Ndiye bondo ukulisakalo ndine, mwana wanga. Ana sananenepe, sikelo ndiyo ikunama, ndipo ine ndakhala mlembi wake. Masiku ako asanu ndi anayi aja, ndi miyezi yonse wakhala pa kompyuta, wamanga pa bodza langa. Chikundiwawa koposa ndi chimenechi, kuti ndakuwonongera sukulu iwe amene unandikhulupirira.

Ngati aphunzitsi ako akufuna munthu womukalipira, ndibwera ndekha ku Zomba. Suti ndili nayo. Anti ako sakudziwa kanthu, usawauze, ndidzawauza ndekha ndikapeza mphamvu.

Undikhululukire ngati ungathe.

Sibweni wako wochimwa,
Manasseh

Zomba,
29 Epulo 2009

A Sibweni,

Moni. Suti ibwezereni m'sutikesi.

Makalata awiri ochokera ku Hewe anafika tsiku limodzi, iliyonse ikuti "usawauze". Ya yani inayo sindinena, koma mumadya naye mbale imodzi. Ndinawerenga yanu ndinalira. Ndinawerenga inayo ndinaseka mpaka mnzanga wa feteleza anabwera kudzaona ngati ndili bwino.

Poti mwavomera zanu, nane ndivomere zanga. Sindinakuuzeni zonse. Pa Juni 2004 pali zinthu ziwiri, osati chimodzi. Choyamba ndi sitepe: mwezi umodzi wokha timadontho tonse tadumpha pafupifupi magalamu 300. Chachiwiri ndi chitunda, kukwera pang'onopang'ono kuchokera pamenepo mpaka 2008. Aphunzitsi anga ataona sitepeyo anati, "Ana sanenepa onse tsiku limodzi ngati apangana. Kafunse ngati sikelo inagwa." Ine ndinachita mantha. Ndikanayamba bwanji kufunsa asibweni anga, mkulu wa mpingo, ngati sikelo yawo imanama? Ndiye ndinazungulira, n'kukusowetsani tulo mwezi wathunthu. Pepani.

Tsono mvetsani bwino. Sikelo yonama ndi 300 imanama ndi 300 mwezi uliwonse. Zili ngati kunyamula mphasa yonse n'kuiyala pakhonde: yakwera kamodzi, koma ikadali yogona. Siingapange chitunda. Njira yathuyi imatha kulekanitsa ziwirizi, imayeza sitepe payokha, chitunda pachokha. Usiku womwewo ndinachotsa 300 wanu pa miyezi yonse ya kutsogolo. Sitepe yafafanizika. Chitunda chilipobe. Ana a chaka chimodzi a 2008 akuposa a 2003 ndi pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo limenelo si bodza lanu.

Koma tisavine msanga. Pali chinthu chimodzi chomwe chingagwetse zonse. Sipuling'i yovulala ikhoza kumafooka chaka ndi chaka. Popanda katundu muvi ukhoza kumagona pa 300 monga kale, koma mwana akakolekedwa n'kumawonjezera 500 kapena 800. Zikakhala choncho, chitundanso ndi cha sikelo, ndipo pepa langa lasanduka mbiri ya sipuling'i.

Ndiye chitani izi. Pezani mapaketi khumi a shuga osatsegula, a kilogalamu imodzi imodzi. Kolekani imodzi, mulembe. Kolekani asanu, mulembe. Kolekani onse khumi, popeza ndi pomwe pamalemera ana a chaka chimodzi, mulembe. A Sisitala akhalepo ndipo asayine. Inde, ndikudziwa kuti zikutanthauza kuwauza. Manambala onse akapitirira ndi 300 yekha, tapulumuka. Akapanda kutero, ndidzalemba zoona zomwezo, digiri ichedwe.

Chinanso. Inu nkhani yanu yathera pomwe thumba linatsika pa sikelo. Kodi munafunsapo komwe linapita? Funsani anti. Muwauze kuti za kukhitchini zimalowa mu kompyuta, ndipo ndikupempha mayina a midzi ndi chaka chomwe mbewu inafika m'mudzi uliwonse. Sindinganene lero kuti phala ndilo lanenepetsa ana, mzere sunena zimenezo. Koma midzi yomwe inalandira mbewu poyamba ikapezeka kuti ndiyo inayamba kukwera poyamba, aphunzitsi anga adzakhala tsonga.

Zokhululuka ndakhululuka kale, pamodzi ndi nyemba zija.

Mwana wanu,
Akuzike

Hewe,
11 Meyi 2009

Akuzike mwana wanga wokondedwa,

Monire! Tili bwino chomene. Anti ako akuti ndikuuze kuti ndiwo zasiya kubwerera kukhitchini.

Ndiyambe ndi a Sisitala. Ndinawapeza Lachisanu m'mawa, ndinafotokoza zonse nditaimirira, chipewa m'manja. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatsegula kabati, anatulutsa pepala limodzi. "A Luhanga, fomu yopemphera sikelo yatsopano ndi iyi. Tsamba limodzi. Zaka zisanu?" Fomuyo ndinailemba pomwepo. Anandilembera chenjezo, ndipo ndi loyenera. Kuseshoni ya akulu a mpingo ndikanena ndekha Loweruka.

Tsono shuga. Overton anavomera kubwereketsa, koma anati mapaketi ake sayenda okha ngati ana amasiye. Anatseka golosale, anasenza katoni pamutu, ine patsogolo ndi sikelo. Ndinaiwala kuti ino ndi nyengo ya kampeni. Munthu akaona katoni ya shuga ikuyenda masana, amadziwa chochita. Pofika pa mango tinali ndi anthu oposa makumi asanu kumbuyo, ena akuthamanga ndi mabeseni.

"A Luhanga, mwaimira chipani chanji?"

"Tilembetse kuti mayina?"

Ndinaona kuti Ambuye andikonzera mpingo womwe ndinkauthawa. Ndinakwera pa benchi, ndinanena zonse, za chitenje, za thumba, za 300. A Greyson Chavula analipo, anakweza dzanja ngati kukhoti. "Soya wanga alibe mlandu. Munthu ananena yekha kuti sikelo ndi ya makanda, n'kukoleka yekha." Anthu anaseka, ndipo sananame.

Tinakoleka paketi imodzi m'kabudula wa sikelo yemwe timavekamo ana powayeza. Muvi unati 1.3. Tinakoleka asanu, unati 5.3. Onse khumi anakoleka ndi Overton. Ndinayang'ana muvi koma m'maso munali madzi, sindinaone kanthu. Anawerenga ndi Isabella Nyagondwe, mokweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo: "Teni poyinti fili!"

Ndinakhala pansi pafumbi ndi buluku la kuntchito. Anthu anaomba m'manja osadziwa chomwe akuombera, kenako anafunsa kuti shuga agawidwa nthawi yanji. Overton anathawa nayo katoni yake kudzera m'munda wa chinangwa. Pepala losayinidwa ndi a Sisitala ndaliika m'kalata muno.

Madzulo ake ndinafunsa anti ako komwe thumba lija linapita. Anandiyang'ana, anayamba kuseka mpaka anatsamira chitseko. Mwana wanga, zaka zisanu ndakhala ndikumwa phala limenelo tsiku lililonse la sikelo, kapu yanga yobiriwira, pansi pa mtengo womwewo, ndikudziimba mlandu chifukwa cha thumba, osadziwa kuti ndikumwa zidzukulu za thumba lomwelo. Ndinkaona amayi akupatsana timbale ta mbewu, ndinkati ndi nkhani zawo za Umanyano. Maso anga anali pa muvi basi. Sindikunena kuti kulakwa kwanga kwasanduka chilungamo, ayi. Ndikungoti pomwe ine ndinali kubisa timizere titatu, anzanga anali kudyetsa mudzi, ndipo ine ndi amene ndimatchedwa mlangizi wa zaumoyo.

Mndandanda wa midzi uli kuseri kwa pepala la a Sisitala. Anti ako anaitanitsa anzawo asanu ndi mmodzi omwe anayamba nawo, anakangana masana onse za chaka chomwe mbewu inawoloka mlatho, koma anagwirizana. Akuti mnzako wa feteleza abwere nawe pa tchuthi, amuphunzitse zotsala.

Njira yakoyi yandilowa m'mutu. Dzulo kutchalitchi ndinayamba kuika timadontho kuseri kwa pepala la zolengeza, mphindi za ulaliki ndi chiwerengero cha ogona. Mzere unagona bwinobwino mpaka mphindi 35, kenako unakwera ngati msewu wa ku Nyika uja. Abusa sindinawauze. Ichinso ndi chobisa, koma ndachiyeza, n'chopepuka.

Tsono pali vuto, ndipo ndi lachangu. Sikelo yatsopano yafika kale, inabwera ndi ambulansi Loweruka. Tsiku la sikelo ndi Lachinayi pa 21 mwezi uno. Tsiku limenelo mwana aliyense wa ku Hewe adzatsika ndi magalamu 300 nthawi imodzi. Omwe anali pa mango anamva, koma amayi a midzi yakutali sanamve, ndipo ngakhale omwe anamvawo sanakondwe. Isabella wanena kale pamaso pa anthu kuti, "Mwana wanga akatsika, tidzakoleka inuyo m'kabudulamo." Ndikuopanso kuti ena adzati phala lasiya kugwira ntchito, n'kuleka kulima soya. Chimenechi ndicho sindingachipirire.

Ndiye ndikupempha undijambulire mzere uja papepala lalikulu, loti munthu woima kumbuyo aone. Pakhale mphasa, pakhale sitepe, pakhale chitunda, ndi mawu ochepa osavuta. Ndidzalikhoma pamtengo wa mango, ndiwaonetse kuti chomwe chikuchoka ndi changa, chomwe chikutsala ndi chawo.

Za mayina, patsamba loyamba la pepa lako ulembe la anti ako ndi anzawo asanu ndi mmodzi, m'zilembo zazikulu zija. A Chavula akuti nawonso alembedwe, uone wekha. Langa usalisiye, sindikufunanso kubisala. Ulilembe pa sitepe.

Positi siingafike nthawi yake. Overton akupita ku Mzuzu kukaoda katundu Lolemba pa 18, adzadikira basi ya usiku yochokera kwanuko pa depoti. Upatse kondakitala, ulembe dzina la Overton ndi nambala yake yomwe ndaika pansipa. Ukamaliza kujambula uimbe foni Lamulungu tikaweruka, ndidzakhala nditaima pachulu. Mudzi wonse umve, palibenso kanthu.

Masiku ndi asanu ndi awiri okha, mwana wanga. Chonde undiyankhe lisanadutse Lolemba, kabudula wa sikelo uja sangandikwane.

Ndine sibweni wako mwa Ambuye,
Manasseh Luhanga